Kwa achimwene amene afunsa za mtengo wa munthu wopanda kanthu

Achimwene, ndaona kuti ambiri angokuyankhani kuti "limbani mtima, Mulungu ndi wabwino." Sakunama, koma zimene mwalembazi n'zolemera, sizingathe ndi mawu awiri. Mwati ntchito ya ulonda inatha, kumudzi simukutumizanso kanthu ndiye foni yanu sakuiyankha, kutchalitchi mukumakhala kumbuyo ngati mlendo, ndipo mnzanu wina akukukokani kuti muzikagulitsa naye nyemba ku Mbare Musika, msika waukulu wa mu Harare, ndi sikelo yobera. Ndiye mwafunsa kuti kodi munthu wopanda kanthu ali ndi mtengo wanji pamaso pa Mulungu, nanga chilungamo chimathandiza chiyani mimba ikamalira.

Tsegulani Genesis 1. Mulungu akulenga munthu m'chifanizo chake pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, munthuyo asanagwire khasu, asanalandire malipiro, asanatumize kalikonse kwa wina aliyense. Tsiku lotsatira linali lopuma. Ntchito anapatsidwa ndithu, ndipo ndi yabwino, koma ulemu unayamba kufika, ntchito n'kubwera pambuyo. Bwana amene anakuchotsani ntchito anatenga yunifomu ndi tochi. Chifanizo cha Mulungu sanakupatseni ndi iye, ndiye sangakulandeni.

Ife a kuno ku Harare tiyenera kuzimvetsa izi kuposa wina aliyense. Azigogo athu anabwera kuno kuchokera ku Malawi mzindawu ukadali Salisbury, ena wapansi kudzera ku Tete, kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a azungu. Ankawawerengera mphamvu za m'manja basi. Munthu akakalamba kapena chifuwa cha mumgodi chikamugwira, phindu lake linali litatha. Ana awo tinabadwira ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose, komabe tinakula tikutchedwa "mabhurandaya", kutanthauza anthu a ku Blantyre, mpaka akuluakulu a ndale anatinenapo kuti ndife anthu opanda mutupo, ndiye kuti opanda mfunda. Kuyambira 2000 mafamu atayamba kulandidwa, antchito ambirimbiri ochokera kwathu anatsala padzuwa. Lamulo la unzika la 2001 linachititsa kuti anthu obadwira konkuno aziwerengedwa ngati alendo, ambiri n'kulephera kuvota. Mu 2005 ntchito ya boma yotchedwa Murambatsvina inagwetsa nyumba ndi misika, ndipo lipoti la Anna Tibaijuka wa ku United Nations linati anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala kapena popezera chakudya. Kenako malamulo aakulu a dziko a 2013 anadzanena kuti wobadwira kuno, amene kholo lake ndi lochokera m'dziko la SADC, ndi nzika. Tsono ndikufunseni: mayi amene chitupa chake chinkamutcha mlendo mu 2002, n'kudzamutcha nzika mu 2013, anasintha n'chiyani? Ndi yemweyo, mabala a nkhuni m'manja ndi omwewo. Pepala ndi limene linasintha. Mukalola kuti mtengo wanu uzinenedwa ndi pepala, ndi bwana kapena ndi ndalama za pafoni za EcoCash, muzikwera ndi kutsika chaka chilichonse.

Ndinakhalapo pa maliro a agogo ena ku Epworth, amene anagwira ntchito pafamu moyo wawo wonse. Analibe mwana, kumudzi anali ataiwalika kalekale, mtchona weniweni. M'chipinda mwawo munali bulangete, kapoto kakuda ndi Baibulo lothothoka chikuto lomangidwa ndi mphira. A sosaite ya maliro anasonkha ndalama ya bokosi, azibambo anasambitsa thupi ndi kuliveka jekete ya munthu wina, amayi anaphika nsima panja ndi kuimba nyimbo za m'buku usiku wonse, mawa lake tinakawaika ku manda a ku Mbudzi. Panalibe chuma chogawana, panalibe woti adzatithokoze. Tinachita chifukwa anali munthu. Chimene chimandiwawa n'chakuti ulemu umenewu timaudziwa bwino munthu akagona m'bokosi, koma ali moyo timamudutsa.

Za kutchalitchizo mukunena zoona, ndipo ine monga mkulu wa mpingo sindibisa. Pa pepa sande timatchula dzina la wopereka madola makumi asanu, manja n'kuwomba, nthungululu n'kulira, pamene wopereka kochepa amangodutsa chamutu pansi. Yakobo 2 anadzudzula zimenezi poyera: wovala mphete yagolide mukumupatsa mpando wabwino, wosauka mukumuuza kuti aime uko kapena akhale pansi. Yakobo akuti kumeneko ndi kuchimwa. Onjezani aneneri adzaza mumzinda muno, ogulitsa mafuta odzozera ndi kuphunzitsa kuti umphawi ndi chizindikiro cha temberero. Akawerenge Luka 16. M'fanizo lija, Yesu anamutchula dzina wopemphapempha wa zilonda uja, Lazaro, koma mwini chuma sanamutchule n'komwe. Mpingo wa CCAP kuno unayamba ndi antchito osamuka, ogona m'makomboni, ndiye ndi manyazi kuti zidzukulu zawo tizisankhana ndi nsapato.

Tsopano za sikelo. Apa ndikuuzani mosapsatira, musapite. Sindikunena chifukwa choopa apolisi kapena a khonsolo. Taganizani amene adzaime kutsogolo kwa sikeloyo: mayi wochokera ku Dzivarasekwa, wakwera kombi m'mamawa, ndalama wamanga pansonga ya chitenje, akuwerenga kuti nyembazo zifike Loweruka. Chifanizo chomwe mukulira kuti anthu sakuchiona mwa inu chilinso mwa iyeyo. Simungapemphe kuti anthu akuoneni ngati munthu uku inu mukumuona iye ngati thumba la ndalama. Miyambo 11:1 ikuti muyeso wonyenga umamunyansa Yehova. Njala ndi yeniyeni, sindikuipeputsa, koma njala ya ana anu mukaichotsa motero mwangoisamutsira kwa ana a mayi uja.

Ku Musika komweko kuli ganyu wotsitsa matumba m'malole ndi wokankha ngolo. Ndi yowawa, ndalama yake ndi yochepa, koma palibe chochititsa manyazi. Paulo yemwe ankasoka mahema ku Korinto.

Abale akumudziwo musawakwiyire msanga. Ambiri amaganiza kuti ku Harare ndalama timachita kutola, chifukwa ifenso timangotumiza zithunzi titavala bwino. Alembereni uthenga wachindunji kuti ntchito inatha, panopa mulibe. Ena adzakhala chete, koma amayi anu kapena mlongo wanu adzayankha. Matchona ambiri sanasowe chifukwa choiwala kwawo, anasowa chifukwa cha manyazi obwerera chimanjamanja, ndipo sindikufuna kuti inu mulowe njira imeneyo.

Pali mzere wina m'funso lanu wandidetsa nkhawa, pamene mwati mwina bola kungochoka padziko. Musakhale nawo nokha maganizo amenewo usiku uno. Uzani akazi anu, kapena mkulu wa mpingo amene mumamukhulupirira, ndipo akapitirira pitani kuchipatala mukalankhule ndi namwino. Ndilembereni ku inbox mundiuze dera limene mukukhala. Ndikudziwa anthu angapo otsitsa katundu ku Musika amene nthawi zina amasowa wowathandiza, ndipo Lamulungu lino mukabwera mudzakhale nane pabenchi yakutsogolo.