Tifunseni: Kodi achimwene anga ndiwapereke ku nyumba yosamalira anthu aulumali?

FUNSO

Akonzi, ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala ku Ngabu m'boma la Chikwawa. Achimwene anga a zaka 36 anagwa pa njinga yamoto ya kabaza chaka chatha n'kuthyoka msana, moti kuyambira pachifuwa kutsika m'munsi thupi lawo silimva kanthu. Alamu anga anabwerera kwawo, ndipo amene akuwasamalira pano ndi mayi athu okalamba, omwe sangathe ngakhale kuwadzutsa pamphasa. Anzathu a ku mpingo atiuza za nyumba ina yosunga anthu aulumali yomwe ikuti ingathe kuwalandira. Nditapita kukaona ndinapeza kuti amadya katatu pa tsiku ndipo pabwalo m'posesedwa bwino, koma m'chipinda munali fungo la mkodzo, ndipo bambo wina amene ndinamuona m'mawa ndinamusiya masana atagonera mbali yomweyo. Kodi ndingadziwe bwanji ngati malo oterewa ali abwino?

Mayi wodandaula, Ngabu

YANKHO

Mayi, pepani ndi mtolo umene banja lanu lasenza, ndipo musadziimbe mlandu chifukwa choganizira zofuna thandizo, pakuti mutu umodzi susenza denga. Koma zinthu ziwiri zimene zinakukhumudwitsanizo musazipeputse, chifukwa kwa munthu wovulala msana ndi zomwe zimasiyanitsa chisamaliro chenicheni ndi kungomusunga munthu. Bwalo losesedwa ndi la alendo, pomwe ubwino wa nyumba yotere umaonekera pakhungu la anthu ogonamo.

Ndiyambe ndi bambo uja munamusiya atagonera mbali imodzi. Munthu wathanzi amatembenuka yekha ali m'tulo chifukwa thupi limamuuza kuti apa patopa, koma achimwene anu uthenga umenewo sakuulandiranso. Akagonera malo amodzi nthawi yaitali, magazi sayenda bwino pamene fupa lapanikiza khungu, makamaka kumunsi kwa msana, m'chiuno, m'matako ndi ku zidendene, ndipo khungu limayamba kufa. Pa khungu lathu lakudali chizindikiro choyamba sichikhala kufiira koonekera patali ayi; malowo amangodera kuposa pena, amatentha kapena kulimba mukawakhudza. Chilonda chotere chikalekereredwa chimakumba mpaka pafupa, ndipo matenda ake akalowa m'magazi amapha. N'chifukwa chake achipatala amalangiza kuti wodwala wosatha kudzitembenuza azitembenuzidwa pafupifupi maola awiri alionse, usana ndi usiku womwe. Tsono funso lofunika kuwafunsa eni nyumbayo ndi lakuti: kodi usiku mumakhala antchito angati, ndipo amagona kapena amakhala maso? Ngati wantchito ali mmodzi pa anthu ambiri osatha kudzithandiza, ndiye kuti ntchitoyi siichitika, ngakhale munthuyo akhale wachifundo chotani.

Fungo la mkodzo nalo likunena zambiri. Likutanthauza kuti zofunda zonyowa sizichotsedwa msanga, ndipo khungu lokhala pachinyezi limang'ambika mosavuta. Anthu ambiri ovulala msana amakodzera m'kapaipi kapena m'thumba, ndipo kapaipiko kakapanda kusamalidwa mwaukhondo ndi kusinthidwa pa nthawi imene achipatala anena, matenda a chikhodzodzo amabwera mobwerezabwereza mpaka kuononga impso. Popeza achimwene anu anavulala m'mwamba chotero, dziwaninso kuti kapaipi kakatsekeka kapena akadzimbidwa kwambiri, magazi awo angathe kukwera mwadzidzidzi, mutu n'kuyamba kuwawa koopsa, thukuta lili kamukamu kumaso. Zikatero amafunika kuwakhazika tsonga, kumasula zovala zothina, kuona ngati kapaipi kapindika ndi kuthamangira kuchipatala. Funsani ngati antchito a pamalopo anaphunzitsidwa zimenezi, ngati pali namwino amene amabwera, komanso kuti wodwala akadwalika pakati pa usiku amapita naye pa chiyani ku chipatala cha Ngabu, cha St Montfort ku Nchalo kapena cha boma ku Chikwawa.

Pali nkhani ina imene anthu a kumtunda saiganizira kwenikweni koma kwa ife a m'chigwa cha Shire ndi yaikulu. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Ngabu, Bangula ndi Nsanje kumapitirira madigiri 40, ndipo munthu wovulala msana nthawi zambiri satuluka thukuta m'mbali za thupi zomwe zili m'munsi mwa pamene anavulala, choncho thupi lake limalephera kudziziziritsa. Kumusiya masana m'chipinda cha malata chopanda siling'i ndi mawindo okwanira ndi kumuika pachiswe. Kayang'aneni ngati pali mthunzi kapena khonde lomwe chikuku chingafike, ngati madzi akumwa ali pamalo oti munthu wogona angawafikire yekha, ndiponso ngati bedi lililonse lili ndi neti yoteteza ku udzudzu. Ndamvapo kuti osamalira ena amachepetsa madzi akumwa pofuna kuti asamachape zofunda kawirikawiri. Khalidwe limeneli ndi nkhanza, ndipo m'dera lotentha ngati lathu ndi loika moyo pangozi.

Musaiwalenso madzi osefukira. Tonse tikukumbukira namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, pamene anthu ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Nyumba yosunga anthu osayenda iyenera kukhala pamtunda, ndipo eni ake ayenera kukuuzani momveka kuti madzi akabwera usiku adzawanyamula ndani, kupita nawo kuti.

Koma m'kalata yanu, mayi, simunatiuze chimene achimwene anu akufuna. Ndi bambo wamkulu, nzeru zawo zili bwinobwino, ndipo chomwe chinavulala ndi msana basi. Dziko la Malawi linavomereza pangano la United Nations lokhudza ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo ndime 19 ya panganoli imati munthu waulumali ali ndi ufulu wosankha komwe akufuna kukhala ndi amene akufuna kukhala naye. Kuno kwathu tilinso ndi lamulo la anthu aulumali la 2024, lomwe linakhazikitsa bungwe loona za anthu aulumali la MACODA m'malo mwa MACOHA yomwe ambiri tinaizolowera. Choncho pitani nawo akadzionere okha, pa tsiku limene eni nyumbayo sakukuyembekezerani, ndipo acheze ndi ogona pamalopo popanda wantchito womvetsera. Aone ngati munthu amaloledwa kukhala ndi foni yake ndi ndalama zake, kupita ku tchalitchi kapena kumsika, kulandira abale, ndi kusambitsidwa pamalo obisika. Zikuku zikakhala zotsekeredwa m'sitolo, kumangotulutsidwa alendo akabwera, dziwani kuti si malo oyenera achimwene anu. Kafunseninso ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku khonsolo ya Chikwawa ngati akuidziwa nyumbayo ndi kuiyendera, ndipo zimene munaona zija mukawauze, chifukwa bambo uja nayenso ali ndi ufulu.

Maganizo anga ndi akuti musafulumire. Nyumba zosunga akuluakulu aulumali m'dziko muno ndi zochepa, ndipo njira imene yakhala ikulimbikitsidwa ndi yothandizira munthu ali pakati pa abale ake. Munthu amene manja ake akugwira ntchito angathe kuphunzira kuchoka yekha pabedi kupita pachikuku, kudzinyamula pang'ono pafupipafupi akakhala pansi, kuyang'ana khungu lake ndi galasi komanso kusamala mkodzo ndi chimbudzi. Maphunziro otere amaperekedwa ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre, pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, komwe odwala amagonekedwa kwa kanthawi kenaka n'kubwerera kwawo. Ngati achimwene anu sanapiteko, pemphani a fiziyo a pa chipatala cha boma ku Chikwawa kuti awaunike ndi kuona zowatumiza, ndipo mukafunsenso za chikuku chowayenera msinkhu chokhala ndi khushoni.

Pamene mukudikira zimenezi, itanani mwini mbumba ndi abale onse mugawane masiku, kuti usiku uliwonse pakhale munthu wamphamvu wogona pafupi ndi odwala m'malo mwa mayi anu. Achotseni pamphasa muwapezere matiresi ofewa, muziika mapilo pakati pa mawondo ndi pansi pa akatumba kuti zidendene zisagunde pogona, ndipo mudziwitse mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti aziwazonda. Kwa amfumu ndi komiti ya m'mudzi kafunseni ngati khomo la mayi anu lingaganiziridwe pa Mtukula Pakhomo, popeza tsopano mulibe munthu wogwira ntchito. Mukakaonanso nyumba ija pamodzi ndi achimwene anu, mutilemberenso kutiuza zimene iwo anena.