Kodi kumpoto kukusuntha? Nanga kampasi ya mu foni sikutinamiza?

FUNSO: Akonzi, ndamva zoti kumpoto komwe kampasi imaloza kukusuntha chaka ndi chaka. Nde ndimati ndifunse, amene amayeza zimenezi amakayezera kuti poti maginito ake ali pansi pa nthaka? Komanso kampasi ya mu foni yangayi ndiziyikhulupirira? - Wowerenga wanu

YANKHO: Mwamva zoona ndithu. Kumpoto kwa pa mapu kuli pompo, koma kumpoto kwa maginito nde kukuyenda. Mu 1831 James Clark Ross, woyenda panyanja wa ku Britain, anakupeza kumpoto kwenikweni kwa Canada, pano kukulowera cha ku Siberia, dera la kumpoto kwa Russia, ndipo inalipo nthawi yomwe kumasuntha makilomita oposa 50 pa chaka, panopa liwiro lachepako kufika cha m'ma 35. Gwero lake ndi chitsulo chosungunuka chomwe chimayambira makilomita pafupifupi 2,900 pansi pathupa, chimatakasuka n'kumapanga magetsi, magetsiwo n'kubereka maginito. Kumeneko safikako munthu, nde kuyeza kwambiri kumachitikira kumwamba.

Pa 22 Novembala 2013 bungwe loona za mumlengalenga la ku Ulaya, la European Space Agency, linatumiza masetilaiti atatu otchedwa Swarm, mayina awo Alpha, Bravo ndi Charlie. Awiri amayenda moyandikana, Bravo ali pamwambako pang'ono, onse m'ma kilomita 450 mpaka 500 ndi kanthu kuchokera pansi. Asanabwere amenewa kunali masetilaiti ena, Magsat ya bungwe la NASA la ku America mu 1979, Ørsted ya ku Denmark mu 1999 ndi CHAMP ya ku Germany mu 2000. Chomwe chimandisangalatsa ine ndi kapangidwe kake, choyezera maginito sachiika m'thupi la setilaiti ayi, amachikhazika pa ndodo yotalika pafupifupi mamita 4 yotulukira kumbuyo, kupanda kutero chizingoyeza mawaya ndi mabatire a setilaiti yomweyo basi.

Koma kuyezako si kovuta kwenikweni, chovuta ndi kusefa. Setilaiti imatola zonse pamodzi ngati mmene kwaya imamvekera uli panja, za pakati pa dziko, za miyala ina yomwe ili ndi maginito akeake, za magetsi oyenda mumlengalenga chifukwa cha dzuwa, ngakhale madzi amchere a m'nyanja akamayenda nawonso amaponyamo kawo kochepa. Ndichifukwa chake asayansi akafuna za pansi zokhazokha amakonda kusankha zoyeza za usiku, masiku omwe dzuwa silikuvuta, n'kuphatikiza ndi za malo oyezera apansi, kenako kompyuta imazisanja ndi masamu omwe katswiri wa ku Germany Carl Friedrich Gauss anayamba kugwiritsa ntchito m'ma 1830. Eya, masamu akale choncho akugwirabe ntchito.

Chotuluka pamenepo si chithunzi, ndi mndandanda wa manambala womwe ukaupatsa malo ndi tsiku umakuuza kuti pamenepo kampasi ikupatuka madigiri angati kuchoka kumpoto kwa pa mapu. Wodziwika kwambiri ndi World Magnetic Model, amapanga a NOAA (bungwe loona za nyengo ndi nyanja ku America) ndi a British Geological Survey (loona za miyala ndi nthaka ku Britain), ndipo umatha ntchito pakatha zaka 5 chifukwa mbali ina ndi yongolosera mmene chitsulo chija chiyendere. Pena kuloserako kumaphonya, mu 2019 anachita kuukonza nthawi isanakwane poti kumpoto kuja kunathamanga kuposa mmene amayembekezera. Womwe ukugwira ntchito pano unatuluka mu Disembala 2024. Ndege ndi sitima zapamadzi zimadaliranso womwewu.

Tibwere ku foni yanu. Muli kachipangizo kakang'ono koyeza maginito, GPS imanena pomwe mwaima, manambala aja n'kukonza kusiyanako. Nde ikamasokonekera musathamangire kunena Siberia, kawirikawiri vuto limakhala lapafupi, chitsulo cha galimoto, sipika, kaya kava ya foni yokhala ndi maginito. Chotsani kavayo, talikiranani ndi zitsulo, muyizunguze foniyo m'mwamba ngati mukulemba 8 kangapo, muyesenso.