Musaigulitse telesikopuyo, dzukani nayo m'mamawa

Achimwene a ku Chilenje, mwanena kuti munagulira mwana wanu telesikopu ya mamilimita 70, mwayesa kawiri madzulo koma mukungoona mdima, ndiye mukufunsa ngati muigulitse n'kugula yaikulu. Musaigulitse ayi. Yangayo ndi yofanana ndi yanu, ndipo ndimaigwiritsa ntchito kuseri kwa nyumba ku Chelstone.

Vuto loyamba ndi nthawi. Madzulo mu Lusaka muno kumwamba kumakhala utsi wa mbaula, fumbi la magalimoto ndi magetsi a nyumba iliyonse. Dzukani cha m'ma 4 koloko. Fumbi limakhala litatsika, mpweya uli zii, ndipo muli ndi ola lathunthu kusanayambe kuyera. Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yabwino, ngakhale kuzizira kwake kumafika m'mafupa, choncho mwanayo mumuveke juzi ndi chipewa. Ikafika Seputembala utsi wa moto wolusa m'tchire umaphimba nyenyezi zam'munsi, kenaka mvula.

Chachiwiri, ndikuganiza kuti munayamba ndi kagalasi kokuza kwambiri. Pa timagalasi toyang'aniramo tija palembedwa manambala. Tengani ka 25mm kapena ka 20mm, osati ka 4mm. Ngati telesikopu yanu yalembedwa 700mm, ka 25mm kamakuza ka 28, ndipo n'kokwanira kupezera chinthu. Mukachipeza, ndiye muikemo ka 10mm. Zimene amalemba pa makatoni ena zoti imakuza ka 500 musazimvere. Galasi la mamilimita 70 likapitirira ka 140 limangoonetsa chimbuuzi.

Katelesikopu kakang'ono kolozera kaja kali pamwamba mukakonze masana. Lozani nsonga ya mtengo wakutali, mupotoze tizomangira mpaka zimene mukuona mu kakang'onoko zigwirizane ndi za mu yaikulu. Koma chonde, dzuwa musaliloze, ngakhale kamphindi. Limawononga diso mpaka kalekale, ndipo mwana musamusiye nayo yekha masana.

Yambani ndi mwezi, patatha sabata chikhalire wathunthu, pamene m'mawa umakhala pamwamba uli theka. Yang'anani m'malire a kuwala ndi mdima. Maenje ndi mapiri amaoneka ndi zithunzithunzi zake, moti mwana wanga tsiku loyamba anakana kuchokapo mpaka tambala atalira kachitatu. Jupiter akakhalapo mudzaona timiyezi take tinayi tili pamzere, tomwe Galileo anaona mu 1610, ndipo mawa lake tidzakhala titasuntha. Saturn amaoneka kakang'ono, koma mphete yake imadziwika bwino ndi ka 10mm. Nthanda nayo si nyenyezi, ndi Venus, ndipo nthawi zina imaoneka ngati kamwezi kongobadwa. Popeza mapulaneti amasinthasintha malo, ikani pulogalamu ya Stellarium pa foni kuti izikuuzani ali kuti.

Kumapeto kwa Julayi yang'anani kum'mawa: Nsangwe zimakhala zitatuluka, Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zapamzere zija, akubwera pambuyo. Pafupi ndi nyenyezi zitatu zapamzerezo pali kamtambo kowala, Orion Nebula, komwe kukubadwa nyenyezi zatsopano.

Itulutseni panja mphindi 20 musanayambe kuti izizire, muiike pa dothi lolimba pomwe khoma likutchinga getsi la aneba. Mame akagwera pa galasi musapukute ndi malaya, mungalikande. Lisiyeni liume lokha m'nyumba. Tsiku lina mukapita kwa abale cha ku Chongwe, muinyamule, mukaone Mlalang'amba.