Musanalembetse masitazi ya agroecology

Mayi wina amene amagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi wanditumizira imelo. Ali ndi digiri yoyamba, akufuna kupitiriza sukulu, ndipo mtima wawo uli pa masitazi ya agroecology, maphunziro a ulimi wosamala nthaka ndi chilengedwe komanso kayendedwe ka chakudya kuchokera kumunda kufika kwa wodya. Koma anzawo a kuntchito akuwauza kuti amenewo ndi maphunziro opanga manyowa basi ndipo ntchito sadzaipeza. Akufunsa ngati nzoona, komanso momwe angasankhire yunivesite.

Zikomo mayi. Anzanuwo sanaone zimene zimachitika m'maphunzirowa. Chitsanzo chabwino ndi njira ya push-pull, imene akatswiri a bungwe la icipe ku Kenya, motsogozedwa ndi Zeyaur Khan, anayamba kuikonza m'zaka za m'ma 1990 mogwirizana ndi a Rothamsted Research a ku England. Pakati pa mizere ya chimanga amabzala desmodium, mbewu ya mtundu wa nyemba, amene fungo lake limathamangitsa agulugufe oikira mazira a kapuchi. M'mphepete mwa munda amabzala nsenjere, imene imakopa agulugufewo kuti akaikire kumeneko, ndipo mphutsi zambiri sizikula. Mizu ya desmodium imatulutsanso mankhwala olepheretsa kaufiti kumatirira ku mizu ya chimanga, kwinaku ikuonjezera nayitirojeni m'nthaka. Kuti zonsezi zidziwike panafunika odziwa tizilombo, odziwa za makhemiko, odziwa nthaka, ndi alimi ovomera kuyesa m'minda yawo. Ndi sayansi yolemera, ndipo amene amathawa masamu amatuluka nayo thukuta.

Chimene chimasokoneza ofunsira malo n'chakuti mayunivesite amagwiritsa dzina limodzi pophunzitsa zinthu zosiyana. Kwina amaika mtima pa sayansi ya m'munda: chonde, tizilombo, kasakaniza ndi kasinthasintha wa mbewu. Kwina amaona kwambiri za anthu: mwini malo ndani, mbewu zili m'manja mwa yani, misika imapindulira ndani, amayi ali ndi mawu otani pa zokolola. Ngakhale bungwe la FAO, potulutsa mfundo 10 za agroecology mu 2018, linaphatikiza zonse ziwiri, ndipo gulu la akatswiri la HLPE linachitanso chimodzimodzi ndi mfundo zake 13 mu 2019. Choncho musakopeke ndi dzina la pulogalamu. Tsegulani mndandanda wa makosi, kenako fufuzani mitu ya kafukufuku amene ophunzira a zaka zapitazi analemba. Mituyo imakuuzani zoona kuposa zithunzi zokongola za pa intaneti.

Malo odziwika alipo. Wageningen ku Netherlands ndi yamphamvu pa sayansi ya zaulimi. Yunivesite ya NMBU ku Ås, m'dziko la Norway, inayambitsa masitazi ya agroecology yotumiza ophunzira kwa alimi kuyambira kumayambiriro. Sukulu ya zaulimi ya ISARA ili ku Lyon ku France, ndipo Coventry University ku England inakhazikitsa likulu lofufuza za agroecology, madzi ndi kupirira kwa alimi. Ku America kuli University of Wisconsin–Madison, komanso University of California ku Santa Cruz kumene katswiri wa agroecology Stephen Gliessman anaphunzitsa zaka zambiri. Koma ine ndinganene kuti dzina la yunivesite libwere pambuyo. Choyamba ndi funso limene mukufuna kuyankha, chachiwiri ndi mphunzitsi amene adzayang'anire kafukufuku wanu.

Apa ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwa. Nthaka sisintha msanga. Ku Rothamsted kuli munda wa tirigu wotchedwa Broadbalk umene akuyesapo feteleza ndi manyowa kuyambira 1843, ndipo mpaka pano akuphunzirapo zatsopano. Inu mudzakhala ndi zaka ziwiri m'mayiko ambiri a ku Ulaya, kapena chaka chimodzi chokha m'mayunivesite ambiri a ku Britain. Mukachotsa miyezi ya m'kalasi ndi yolemba, mumatsala ndi nyengo imodzi ya dzinja, mwina ziwiri mukachita mwayi. Mvula ikadula, kafukufuku wanu wapita nayo. Ndiye funso lakuti njira yakutiyakuti imabwezeretsa chonde m'nthaka silingayankhidwe ndi munthu mmodzi pa masitazi, pokhapokha alowe m'kafukufuku amene ena anayamba kale. Funsani ngati yunivesiteyo ili ndi minda yoyeserera ya zaka zambiri, kapena mgwirizano wokhazikika ndi magulu a alimi. Ngati palibe, sankhani funso lokwanira nyengo imodzi: kuchuluka kwa tizilombo m'munda wa kasakaniza, maola a ntchito amene njira ina imadya, kapena chifukwa chimene alimi amasiyira njira imene anaphunzitsidwa bungwe likachoka.

Funso lomalizali ndi limene inu, monga mlangizi, muli nalo ndi mwayi woposa anzanu ochokera m'kalasi. Njira zambiri za agroecology zimafuna manja ambiri ndi luso, ndipo phindu lake limachedwa. Mlimi amene banja lake likudikira zokolola za chaka chino sangadikire zaka zisanu. Wofufuza woona mtima amayeza zimenezi osabisa, ngakhale zotsatira zitasonyeza kuti pamalo ena feteleza wa kusitolo pang'ono, ataphatikizidwa ndi mbewu za mtundu wa nyemba, ndiye akuthandiza kwambiri. Mukapeza mphunzitsi amene yankho analidziwa kale kafukufuku asanayambe, musapite kwa iye.

Za ntchito, sindikulonjezani. Omaliza maphunzirowa amapezeka m'mabungwe ofufuza, m'maboma, m'mabungwe omwe si aboma, m'makampani oona za chiphaso cha zokolola, ndipo ena amapitiriza PhD. Olemba ntchito amafuna luso looneka: kukonza kafukufuku wa m'munda molondola, kusanthula ziwerengero pa kompyuta ndi pulogalamu ngati R, kujambula mapu ndi GIS, kucheza ndi alimi mwadongosolo, ndi kulemba zomveka. Pulogalamu yopanda kosi yolimba ya ziwerengero ndingaikayikire.

Ndalama zake fufuzani ku DAAD ya ku Germany, Erasmus Mundus, Commonwealth Scholarships, Mastercard Foundation, ndi RUFORUM imene imagwirizanitsa mayunivesite a mu Africa. Ambiri amatseka kulandira makalata miyezi yambiri sukulu isanatsegule, ndipo mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEFL amafunika kulembedwa nthawi ilipo.

Musanatumize fomu iliyonse, lemberani mphunzitsi amene ntchito yake mwaiwerenga. Kalata ikhale yaifupi: vuto limene mwaliona m'minda, zimene mwawerenga za iye zokhudza vutolo, ndi funso ngati ali ndi malo komanso ndalama za kafukufuku. Kenako pezani mmodzi mwa ophunzira ake akale mumufunse kuti mphunzitsiyo amatenga nthawi yaitali bwanji kubweza chaputala chimene wapatsidwa kuti awerenge.