Chimbale cha apongozi, ndi agogo anga a ku Giffnock

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu amene anakwatiwa ku Leeds. Akuti apongozi awo aamuna ndi Myuda, amakonda nyimbo za Ayuda zotchedwa klezmer, nyimbo zamakedzana za ku Ulaya ndi za chi-Celtic (za ku Ireland ndi Scotland), ndipo asowa chowagulira pa zikondwerero za kumapeto kwa chaka. Achemwali, kalata yanu ndaiwerenga katatu, chifukwa yandikumbutsa agogo ena amene ndinkawasamalira kuno ku Glasgow.

Chinali chaka changa choyamba pa ntchito yosamalira okalamba. Ananditumiza ku Giffnock, dera limene kuli Ayuda ambiri, kwa agogo aamuna a zaka zoposa 90. Sankayankhula kwambiri. Ndinkawasambitsa, kuwaveka, kuwapatsa mankhwala, iwo n'kungogwedeza mutu. Disembala atafika ndinati munthu sangadutse nyengo iyi chimanjamanja, ndiye ndinawagulira chimbale cha nyimbo za Khirisimasi m'sitolo ya zakudya. Analandira ndi manja awiri, anathokoza, n'kuchiika patebulo. Madzulo mwana wawo wamkazi anandikokera kukhitchini n'kundiuza mofatsa kuti iwo amachita Hanukkah, chikondwerero cha Ayuda cha masiku 8 oyatsa makandulo. Mtima unandiwawa usiku wonse. Ndinali nditagwira thupi la munthuyu miyezi inayi, koma ndisanafunsepo kuti iye ndani.

M'mawa ndinapepesa. Sanayankhe, anangoloza pashelefu. Ndinatulutsa chimbale chimene ankalozacho, cha Dave Tarras, woimba klarineti wobadwira ku Ukraine amene anafika ku New York mu 1921. Chitangoyamba, zala zawo zinayamba kuvina pabulangete. Zala zomwezija zimene zinkalephera kugwira supuni! Klarinetiyo inkaseka, kenako mawu n'kuthyoka pakati ngati munthu wobanika ndi kulira. Agogo anati kuthyoka kumeneko amakutcha krekhts m'Chiyidishi, chinenero cha Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya, ndipo woimba wosakudziwa sanayambe kuimba. Tsiku limenelo anayankhula kuposa miyezi inayi yonse ija. Anandiuza kuti mawu oti klezmer anachokera ku Chiheberi, kli zemer, chiwiya cha nyimbo, ndipo poyamba ankatanthauza woimbayo. Zinali nyimbo za paukwati m'midzi ya Ayuda ku Poland, Ukraine, Lithuania ndi Romania. Asanayambe kuvina ankayamba aimbira mkwatibwi nyimbo yomuliritsa, pomukumbutsa kuti akusiya nyumba ya amake. Ndinakumbukira akwatibwi a kwathu atazolika pamaso pa alangizi, ndipo ndinamva kuti nyimbozi si zachilendo kwa ine.

Midzi imeneyo kulibenso. Chipani cha Nazi chinapha Ayuda 6 miliyoni pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, oimba ndi ovina omwe. Zambiri zimene zinapulumuka ndi zimene anthu ngati Tarras ndi Naftule Brandwein anajambula ku America, ndipo achinyamata a m'zaka za m'ma 1970 anachita kufukula zimbale zakalezo n'kuphunzira pomvetsera. Tarras mwiniwake, atakalamba, anaphunzitsa mmodzi wa achinyamatawo, Andy Statman.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikaona zimbale zija zosakanizasakaniza, zopanda dzina la woimba, pachikuto atajambula phiri ndi nkhungu, akuti nyimbo zogonetsa tulo. Musagule zimenezo, achemwali, ndakupemphani. Za chi-Celtic ndiye zazunzika nazo kwambiri. Munthu akamva kompyuta ikuliza kachitoliro ndi phokoso la mafunde amayesa wamva Ireland. Ayi ndithu. Kamvereni Paddy Moloney, amene anayambitsa gulu la The Chieftains ku Dublin mu 1962, akuliza uilleann pipes, zitoliro zimene sauzira ndi pakamwa koma amapopa mpweya ndi chigongono. Kapena nyimbo za Turlough O'Carolan, wakhungu woimba zeze amene anayendayenda m'makomo a ku Ireland mpaka kumwalira mu 1738. Nyimbo zimenezi zili ndi eni ake, zili ndi maliro ake ndi maukwati ake. Kuzifufuta mayina kuli ngati kutenga ingoma kapena vimbuza n'kuzisandutsa zoliza m'chikepe cha hotela.

Kuno ku Glasgow, Januwale aliyense kuyambira 1994 kumakhala chikondwerero cha Celtic Connections. Ndimasunga ndalama ya tikiti imodzi chaka chilichonse. Ine ndinakulira mu CCAP ku Blantyre, mzinda wotchedwa dzina la kwawo kwa David Livingstone, mtunda wochepa kuchokera pamene ndikulemba pano, ndiye ndikakhala m'holo Asikotishi akuimba pamodzi sindidziona ngati mlendo kwenikweni.

China chimene sindigwirizana nacho ndi kutumizira munthu wachikulire linki ya pa intaneti n'kumati ndapereka mphatso. Apongozi anu akufuna chogwira m'manja, chokhala ndi kabuku mkati koti avale magalasi awerenge kuti anaimba ndani, liti, kuti.

Nanga mugule chiyani?

Za makedzana zinandivuta kuzizolowera, ndisaname. Anandilowetsamo ndi Jordi Savall wa ku Catalonia, woimba viola da gamba, chida chokhala ngati vayolini yaikulu chimene amachipana ndi miyendo, cha nsambo za matumbo a nyama. Mawu ake ndi otsika, ngati munthu wolankhula nawe pafupi usiku. Oimba a mtundu uwu amafufuza zida ndi kaimbidwe ka nthawi imene nyimboyo inapekedwa, chaka cha 1750 chisanafike, ndipo ena amabwerera mpaka kwa Hildegard wa ku Bingen, sisitere wa ku Germany amene anamwalira mu 1179. Agogo aja za Savall sitinamvere limodzi. Agogowo anamwalira m'nyengo yozizira yotsatira, ine ndisanadziwe n'komwe dzina la Savall, ndipo mpaka lero ndikaliza ndimaganiza kuti zala zija zikanachita bwanji.

Tsono mwachidule. Yambani mwatuma amuna anu akasuzumire pashelefu ya bambo awo, kuti musabwereze chimene ali nacho. Pa klezmer, In the Fiddler's House cha woimba vayolini Itzhak Perlman cha 1995, mmene anaimba ndi Andy Statman ndi gulu la The Klezmatics. Pa zamakedzana, A Feather on the Breath of God, nyimbo za Hildegard zoimbidwa ndi Gothic Voices. The Bells of Dublin cha The Chieftains n'chokoma koma n'cha Khirisimasi, ndiye yambani mwafunsa. Ngati ndalama ikukwana chimodzi chokha, tengani The Celtic Viol cha Savall cha 2009, chifukwa chagwira mbali ziwiri, zamakedzana ndi za ku Scotland ndi Ireland. Mukapereke nokha usiku wina wa Hanukkah, makandulo atayaka, ndipo musathamangire kukhitchini kukathandiza apongozi aakazi. Khalani pampando, muwapemphe achiike pomwepo, muwafunse kuti chida chikulirachi n'chiyani.