Kodi Ndingatumize Agulugufe ndi Zikumbu Zanga Kunja kwa Dziko?

Funso: Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Mulanje, ndipo ndimakonda kugwira agulugufe, zikumbu ndi atombolombo, kuziumitsa ndi kuzisunga m'mabokosi kuti ndizisonyeza ana m'kalasi. Nditaika zithunzi zake pa Facebook, munthu wina wa ku Ulaya anandilembera kuti akufuna tizisinthana, iye azinditumizira agulugufe a kwawo, ine ndizimutumizira a kuno, ndipo wati zikumbu zikuluzikulu akhoza kumagula, makamaka zikakhala zamoyo. Wandilangiza kuti pa phukusi ndizingolembapo kuti ndi mphatso. Kodi zimenezi n'zololedwa, nanga ndingalongedze bwanji kuti mapiko asathothoke panjira? *Mphunzitsi, Mulanje*

Yankho: Aphunzitsi, zimene mukuchitazi si zachilendo ayi. Ku Ulaya anthu osonkhanitsa tizilombo ali ndi misika yawoyawo, monga umene umachitika chaka ndi chaka mumzinda wa Frankfurt ku Germany, ndipo ku Japan ana amaweta zikumbu m'nyumba. Komanso sitikudabwa kuti munthuyo watsata inuyo, chifukwa phiri la Mulanje lili ndi tizilombo tina tosowa kwambiri, monga gulugufe wotchedwa Cymothoe melanjae ndi njenjete yamawangamawanga yotchedwa Callioratis grandis, imene mbozi zake zimadya masamba a chomera chosowa chotchedwa Encephalartos gratus. M'dziko muno mulinso chikumbu chachikulu chotchedwa Goliathus albosignatus, chimene osonkhanitsa amachifuna kwambiri. Iyeyo zonsezi akuzidziwa bwino, mwina kuposa inu.

Chimene chikutikayikitsa ndi malangizo akuti muzilemba kuti ndi mphatso. Munthu wosonkhanitsa tizilombo mwachilungamo ndiye amayamba kufunsa za zilolezo, popeza nyumba zosungira zinthu zachilengedwe za masiku ano sizilandira chinthu chimene sichikudziwika kuti chinatuluka bwanji m'dziko lake. Amene akukuuzani kuti mubise zimene zili m'phukusi akufuna kuti phindu likhale lake, mlandu ukhale wanu, chifukwa dzina lolembedwa ku positi kapena ku kampani yamtengatenga ndi lanu, ndipo amene mudzaimirire pamaso pa khoti ndinu.

Funso loyamba pa malamulo ndi lakuti tizilomboto mwatigwira pati. Phiri la Mulanje ndi nkhalango yotetezedwa, chimodzimodzinso phiri la Zomba, ndipo kutenga zinthu m'nkhalango zotere kumafuna chilolezo cha nthambi yoona za nkhalango, malinga ndi lamulo la nkhalango la 1997. M'malo osungira nyama monga Nyika, Liwonde ndi Lengwe simuloledwa kutenga chamoyo chilichonse, chachikulu kapena chaching'ono, popanda chilolezo cha Department of National Parks and Wildlife, ndipo lamulo la nthambi imeneyi linakhwimitsidwa mu 2017. Funso lachiwiri ndi la kutulutsa kunja. Dziko la Malawi linalowa m'pangano la Nagoya, limene linayamba kugwira ntchito mu 2014, ndipo panganoli limati zamoyo za dziko ndi chuma cha dzikolo, kotero kuti wozifuna ayenera kupempha kaye n'kugwirizana ndi eni ake mmene phindu lidzagawidwire. Nkhani zimenezi zimadzera ku Environmental Affairs Department, ndipo zikakhala zokhudza kafukufuku zimadzeranso ku National Commission for Science and Technology. Lembani kalata ku maofesi amenewa, mutchule mitundu ya tizilombo, chiwerengero chake, kumene munatigwira ndi kumene tikupita, ndipo musatumize kanthu yankho lolembedwa lisanafike m'manja mwanu.

Palinso pangano la CITES la 1973, limene limayang'anira malonda a zamoyo zomwe zili pa chiopsezo. Tizilombo ta mu Africa tolembedwa m'panganoli ndi tochepa, ndipo todziwika kwambiri ndi zikumbu za mtundu wa Colophon za m'mapiri a ku South Africa. Komabe popeza mukunena za kusinthana, samalani ndi zimene mnzanuyo angakutumizireni. Gulugufe woyera wa madontho ofiira wa m'mapiri a ku Ulaya, Parnassius apollo, ali pa mndandanda wa CITES, monganso agulugufe akuluakulu a mtundu wa Ornithoptera a ku New Guinea ndi zilumba zoyandikana nayo. Mukalandira mmodzi wa amenewa wopanda chiphaso, mwapalamula ngakhale simunalipire kalikonse.

Mwina wina angaganize kuti palibe boma limene lingataye nthawi ndi nkhani ya tizilombo. Mu Epulo 2025 achinyamata awiri a ku Belgium anamangidwa ku Naivasha m'dziko la Kenya atapezeka ndi nyerere zamoyo pafupifupi 5,000, zambiri za mtundu wa Messor cephalotes, zitaikidwa m'timachubu toposa 2,000 momwe munali thonje. Iwo anauza khoti kuti ankangochita zosangalatsa mtima, koma mwezi wotsatira aliyense analamulidwa kulipira chindapusa cha mashilingi 1 miliyoni a ku Kenya, apo ayi akakhale kundende miyezi 12.

Za zikumbu zamoyo, tikukulangizani kuti muzisiye ndithu. Malamulo a positi a mayiko onse amaletsa kutumiza zamoyo, kupatula zochepa monga njuchi, misundu ndi mbozi zopanga silika. Chifukwa chake ife a Malawi tikuchidziwa bwino. Nankafumbwe wamkulu woboola chimanga ndi makaka anachokera ku Central America, n'kufika ku Tanzania chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kenako kuno. Nsabwe zoyamwa mitengo ya mtundu wa mkungudza zinaoneka koyamba mu Africa m'dziko lathu lino mu 1986, ndipo zinavulaza mkungudza wa pa phiri lanu lomwelo. Tizilombo timeneti sitinabwere ndi anthu osonkhanitsa, koma tikusonyeza zimene kachilombo kamachita kakafika m'dziko mopanda adani ake.

Zilolezo zikapezeka, kulongedza kwake sikovuta. Agulugufe musawatumize ali otambasula mapiko pa maphini, chifukwa otere ndiwo amasweka msanga. Gulugufe akangofa, pindani mapiko ake m'mwamba kuti akumane pamsana, tinyanga tigone motsatira mapikowo, ndipo mumuike m'kapepala kosalala kopinda makona atatu ngati samusa. Kunja kwa kapepalako lembani ndi pensulo malo, tsiku ndi dzina lanu musanamuikemo, kuti nsonga ya pensulo isamupweteke. Zikumbu muzigoneke pa kachidutswa ka katoni koyalapo pepala lofewa, miyendo itapindidwa pansi pa thupi, n'kukuta ndi pulasitiki yoonekera. Zonse ziume kotheratu, popeza chikumbu chachikulu chimene chauma kunja kokha chimaola panjira n'kuwononga zinzake. Kenako ziikeni m'kabokosi kolimba pakati pa thonje, mosapanikiza komanso mosasiya mpata woti zizigwedera, ndipo kabokosiko kalowe m'katoni yaikulu yokhala ndi zofewa zosachepera masentimita 5 mbali zonse. Mukaigwedeza pafupi ndi khutu musamve kanthu kakuyenda. Pa fomu ya kasitomu, imene ku positi imatchedwa CN22 kapena CN23, lembani zoona zokhazokha, kuti ndi tizilombo takufa touma, ndi mayina ake asayansi ndi chiwerengero, ndipo makope a zilolezo akhale kunja ndi mkati mwa phukusi.

Pa nkhani ya ndalama, musayembekeze zambiri. Ogula amasankha kwambiri, ndipo gulugufe wosang'ambika ndi pang'ono pomwe, amene iwo amamutcha A1, sapezekapezeka pakati pa ogwidwa ndi neti kutchire. Kumene anthu akumudzi apindula ndi malonda amenewa ndi kumene amaweta agulugufe mwadongosolo, monga pa ntchito ya Kipepeo imene inayamba mu 1993 pafupi ndi nkhalango ya Arabuko Sokoke ku Kenya, komwe alimi amalera mbozi pa masamba n'kugulitsa zikwa zake ku nyumba zoonetsera agulugufe za ku Ulaya ndi ku America, boma likudziwa. Ntchito yotere ndi ya gulu, osati ya munthu mmodzi ndi foni yake.

Funso: Agulugufe amene ndinasunga chaka chatha onse anawonongeka m'nyengo yamvula. Ena anadyedwa ndi nyerere, ena anachita chuku, ndipo pansi pa ena ndinapeza kafumbi kabulauni. Ndinalakwitsa pati? *Wophunzira, Nkhata Bay*

Yankho: Kwanuko chinyezi n'chochuluka, choncho mdani wanu woyamba ndi bokosi losatsekeka bwino. Kafumbi kamene munakaonako ndi chizindikiro chakuti mkati mwa gulugufeyo muli timphutsi ta tizikumbu todya zinthu zouma, ndipo mukakaona kafumbiko dziwani kuti bokosi lonse lili pangozi. Likulungeni m'jumbo losalowa mpweya, muliike mufiriji mbali youmitsa madzi, pozizira pafupifupi madigiri 18 pansi pa ziro, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Mukalitulutsa musalitsegule msanga, lidikireni lifunde lili m'jumbo momwemo, apo ayi mame adzagwera pa mapiko ndipo chuku chidzayambira pomwepo. Chilichonse chatsopano, kaya mwagwira nokha kaya mwapatsidwa, chidzere kaye mufiriji chisanalowe m'bokosi la zinzake.

Nyerere zimalowa makamaka pa masiku oumitsa, pamene gulugufe ali pa thabwa lotambasulira mapiko, choncho miyendo ya tebulo muiike m'tizitini ta madzi ndipo tebulolo lisakhudze khoma. M'bokosi losungira ikanimo timapaketi ta silica gel, tonga timene timabwera m'makatoni a nsapato, ndipo muzitiumitsanso tikatenga chinyezi. Timibulu toyera tothamangitsa njenjete m'zovala timathandiza, koma timangeni m'kansalu n'kukhomera pakona kuti tisagubuduzike, ndipo popeza ndi poizoni, bokosilo lisakhale m'chipinda chogona. Dzuwa nalonso limasulutsa mitundu. Maphini a atelala amachita dzimbiri n'kung'amba thupi, kotero ngati mungathe pezani maphini a tizilombo osachita dzimbiri, a nambala 2 kapena 3. Gulugufe amabayidwa pakati pa chifuwa, pomwe chikumbu chimabayidwa pa phiko lolimba la kumanja.

Simunatchule za kapepala ka chizindikiro, koma ife tikuona kuti n'kofunika kuposa zonsezi. Pansi pa kachilombo kalikonse, pa phini yomweyo, pazikhala kapepala kolembedwa dziko, boma, dzina la malo, tsiku, mwezi, chaka ndi dzina la wogwira. Gulugufe wong'ambika phiko koma wokhala ndi kapepala kameneka angathandize wasayansi ngakhale patapita zaka 100, pomwe wokongola wopanda kapepala sangauze munthu chilichonse.

Funso: Ndinapeza chikumbu chobiriwira chonyezimira chimene sindinachionepo. Ndani angandiuze dzina lake popanda kuchitumiza kunja? *Mayi wina, Dedza*

Yankho: Mayi, chijambuleni pamsana, pamimba ndi m'mbali, pambali pake mutaikapo lula kuti kukula kwake kuoneke, ndipo muike zithunzizo pa tsamba la pa intaneti lotchedwa iNaturalist pamodzi ndi malo ndi tsiku limene munachipeza. Akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana amatchula mayina pamenepo kwaulere, ngakhale kuti tizilombo tina sitidziwika bwino ndi chithunzi chokha. Zikatero pitani nacho ku Museums of Malawi ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, kapena ku Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, komwe amasunga tizilombo ta m'dziko muno toti angafanizire ndi chanucho. Lembani pa kapepala mtengo kapena duwa limene munachipezapo, chifukwa zikumbu zambiri zonyezimira zimakonda zomera zakezake, ndipo zimenezi zimafupikitsa ntchito ya wofufuza.