Kodi kamera ingalandire uthenga kuchokera ku wotchi yapamkono?

Funso: Ndamva kuti zipangizo zovala pathupi, monga wotchi yoyeza kugunda kwa mtima, zikhoza kutumiza uthenga pogwiritsa ntchito kuwala, kamera ya foni n'kuulandira. Kodi zimenezi n'zoona, nanga njirayi imaposa Bluetooth?

Yankho: Zimene mwamvazo n'zoona, ngakhale kuti ntchito yambiri idakali m'manja mwa akatswiri ofufuza. Pachipangizocho pamakhala kababu ka LED kamene kamayaka ndi kuzima mofulumira kwambiri moti diso la munthu limangoona ngati kakuyaka mosalekeza, ndipo kuphethira kumeneko ndiko kumanyamula uthenga. Alexander Graham Bell anatumizapo mawu pa kuwala mu 1880, koma kugwiritsa ntchito makamera kunabwera pambuyo pake: bungwe la IEEE, limene limakhazikitsa miyezo ya zipangizo zamagetsi, linaika makamera mu muyezo wake wotumizira uthenga pa kuwala, wotchedwa 802.15.7, pamene linaukonzanso mu 2018.

Mwina mungadabwe kuti kamera yojambula zithunzi 30 kapena 60 zokha pa sekondi ingatsatire bwanji kuphethira kofulumira chotero. Makamera ambiri a m'mafoni, a mtundu wa CMOS, sajambula chithunzi chonse nthawi imodzi, koma amachiwerenga mzere ndi mzere. Mzere umene wawerengedwa babu litayaka umawala, umene wawerengedwa litazima umada, choncho chithunzi chimodzi chimatuluka ndi mizeremizere imene pulogalamu ya m'foni imaimasulira kukhala manambala. Zimene ojambula zithunzi amaziona ngati vuto la kamera ndizo zathandiza pano.

Pa kuchuluka kwa uthenga wotumizidwa pa sekondi, Bluetooth ili patsogolo kwambiri, ndipo musayembekezere kutumiza vidiyo mwa njirayi. Komabe kugunda kwa mtima kapena kutentha kwa thupi ndi manambala ochepa amene kuwala kumawakwanitsa. Ubwino wake waukulu, m'kuona kwathu, uli m'malo ngati chipatala: kuwala sikulimbirana mafunde a 2.4 GHz amene Bluetooth ndi Wi-Fi zimagawana, sikubowola khoma kuti wina panja atole uthengawo, ndiponso kamera imodzi ingasiyanitse mababu a odwala angapo poona pamene lililonse lili pachithunzi.

Zovuta zake n'zosabisika. Dzanja la malaya likaphimba babu uthenga umaduka, dzuwa lamphamvu limasokoneza, ndipo kamera yokhala yotsegula nthawi yaitali imatha batire msanga. Ngati mukufuna kugula wotchi panopa, gulani ya Bluetooth.